Kawaya kopindapinda m'kati mwa vape: n'chiyani, nanga ena amadzipindiranji okha?

Loweruka lina ndinakhala pa benchi ya wokonza mafoni pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, kudikira kuti andiikire galasi latsopano. Pambali panga panali bambo wina wachinyamata, maso ali tong'o pa kawaya kowonda ngati ulusi, akukakulunga pa kasikuludiraiva. Mayi wogulitsa nthochi anaima n'kumuyang'anitsitsa, kenako anafunsa: "Kodi achimwene, mukupanga mbedza?" Iye anati, "Iyayi mayi, ndi koyilo iyi." Mayiwo anaseka n'kunyamula dengu lawo, poti koyilo imene iwo amaidziwa ndi yothamangitsira udzudzu.

Koyilo ya bamboyo inali ya mu vape, kachipangizo kamene ena amati ndudu yamagetsi. Ambirife tinaonapo mtundu wotaya ukatha uja, wonunkhira ngati mango kapena switi. Koma pali kagulu kochepa kamene kamagula mtundu womasula n'kumadzipindira waya wotenthetsa, ati kuti kukoma kumveke bwino. Kholo likapeza mawaya, thonje ndi timabotolo patebulo la mwana wake wamkulu limaganiza kutali. Tiyeni timasule kachitsuloko tione za m'kati.

Mulibe moto, muli waya wotentha

Mu vape muli zinthu zinayi: batire, waya wopinda, thonje ndi madzi opakidwa fungo. Munthu akadina batani, magetsi amadutsa m'wayamo, waya amatentha, madzi amene anyowetsa thonje amasanduka nthunzi, munthu n'kukoka. Basi.

Aliyense amene anaphikirapo pa hotipuleti ya waya wofiira uja waona kale theka la nkhaniyi. Theka linalo lili mu koloboyi: chingwe chimayamwa palafini kuchokera pansi n'kumupititsa pamene pali kutentha, ndipo palafini akatha chingwecho n'chimene chimapsa. Kumbukirani chingwe chopsererachi, tidzachipezanso kutsogoloku.

Kusiyana ndi ndudu n'kwakuti palibe chikuyaka. Nsonga ya ndudu imafika madigiri pafupifupi 900 munthu akamakoka, pomwe koyilo yonyowa bwino nthawi zambiri imagwira ntchito cha m'ma 200. N'chifukwa chake ogwiritsa ntchito amakana mawu oti utsi, amati ndi nthunzi. Madokotala amawakumbutsa kuti si nthunzi ya mphika wa nyemba ayi, ndi timadontho ta mankhwala toyandama mu mpweya.

Ganizoli ndi lakale ndithu. Mu 1963 Herbert Gilbert wa ku America analembetsa ndudu yopanda utsi, koma sinafike pamsika. Imene inafala inayamba ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, mu 2003. Iye ankasuta kwambiri, ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Chodabwitsa n'chakuti chipangizo chake choyamba chinalibe koyilo, chinkagwedeza madziwo ndi ultrasound, mafunde a mawu osamveka ndi khutu la munthu. Waya wotentha anabwera pambuyo pake n'kulanda malo.

Yotaya, yosintha mutu, ndi yomasula

Mtundu wotaya sumasulidwa. Mtundu wachiwiri uli ndi kamutu kopangidwa kufakitale, waya ndi thonje zili kale m'katimo, ndipo kakapserera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mumagula kena. Wachitatu ndi umene tikukamba: m'kati muli timizati tiwiri tokhala ndi timabawuti, ndipo mwini wake amamangapo yekha waya ndi thonje.

Amene amazidziwa amatchula mayina awiri. RDA ilibe thanki, mumadontheza madzi pathonje, mukakoka kangapo mumadonthezanso. RTA ili ndi thanki yodyetsa thonje yokha. Okonda kukoma ambiri amatamanda RDA chifukwa koyilo imakhala pafupi ndi pakamwa, nthunzi siyenda ulendo wautali.

Agogo athu opichira chingambwe sangadabwe nazo izi. Wogula ndudu ya m'paketi amalandira chimene fakitale yasankha, wopichira yekha amasankha tsamba ndi kukula kwake. Kuno ku Mzuzu palinso chifukwa cha m'thumba. Timitu ta kufakitale timachokera kunja, ndipo ka kampani ina sikalowa m'chipangizo cha kampani inzake, choncho munthu amatha kuzungulira tawuni yonse osakapeza kake. Mpukutu umodzi wa waya umakhala miyezi.

Waya si waya chabe

Waya wodziwika kwambiri ndi Kanthal, chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi aluminiyamu pang'ono. Anamutulukira Hans von Kantzow m'tawuni ya Hallstahammar ku Sweden, ndipo dzinalo anangolumikiza chiyambi cha dzina lake ndi cha tawuniyo. Kampani yake inayamba mu 1931, kupangira ng'anjo za m'mafakitale, osati osuta. Kanthal amapirira kutentha mpaka madigiri 1,400, amasunga mmene mwamupindira, ndipo ndi amene oyamba kumene amalangizidwa.

Wachiwiri ndi nichrome, wa Albert Marsh wa ku America, amene anamulembetsa mu 1906. Mtundu wotchedwa Ni80 uli ndi magawo 80 a nickel ndi 20 a chromium. Amatentha msanga kuposa Kanthal, koma amene khungu lawo limatuluka zidzolo akavala ndolo kapena wotchi ya nickel amamupewa.

Wachitatu ndi chitsulo chosachita dzimbiri chotchedwa SS316L. Ameneyu ali ndi khalidwe limene Kanthal alibe: akamatentha, amayamba kukaniza magetsi kwambiri, ndipo kakompyuta ka m'chipangizo kamatha kuwerengera kutentha kwake potengera kusinthaku n'kuchepetsa mphamvu thonje lisanapse. Luso limeneli linafala kuyambira 2014, kampani ya Evolv itatulutsa kakompyuta kotere kotchedwa DNA40. Waya wa nickel yekhayekha ndi wa titanium amagwira ntchito m'njira imeneyi yokha, sayenera kufiiritsidwa.

Kunenepa kwa waya amakuwerenga chamutu pansi: nambala ikakula, waya wawonda. Wa 24 ndi wokhuthala theka la milimita, wa 26 ndi mamilimita 0.4, wa 28 ndi 0.32, wa 32 ndi 0.2.

Apa ndinene poyera chifukwa ndikudziwa luso la kwathu lopangira chilichonse kuchokera ku zotsala. Waya wa kopa wa m'makebulo amadutsitsa magetsi mosavuta kwambiri, ndiye kumuika m'malo mwa koyilo n'chimodzimodzi kulumikiza mbali ziwiri za batire. Waya womangira mpanda amakutidwa ndi zinc, amene nthunzi yake imadwalitsa owotcherera zitsulo. Wa mu hotipuleti yakale ndi wonenepa, ndiponso mwini wake sangadziwe zimene anasakanizamo.

Ma ohm ndi batire: gawo lopanda masewera

Mu 1827 mphunzitsi wa ku Germany, Georg Ohm, analemba lamulo limene ana a sekondale amaloweza n'kuiwala akangolemba mayeso. Wopinda koyilo alibe mwayi woiwala.

Taganizirani madzi ochokera kudamu la Lunyangwa. Mphamvu imene ikuwakankha ndiyo ma volt. Kuchuluka kwa madzi odutsa ndiwo ma amp. Kupanikiza kwa paipi ndiwo ma ohm. Paipi yowonda ndi yaitali imadutsa madzi ochepa, yonenepa ndi yaifupi imakhuthula ambiri. Waya ndi chimodzimodzi: wowonda kapena wozunguliza kambiri ali ndi ma ohm ambiri, wonenepa kapena wozunguliza kochepa ali ndi ochepa. Kuti mudziwe ma amp amene batire likufinyidwa, mumagawa ma volt ndi ma ohm.

Batire lofala ndi 18650, dzina lochokera ku kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba, 65 m'litali. Likadzaza limakhala pa ma volt 4.2. Tsopano tengani Kanthal wa 26, mumuzungulize kasanu n'kamodzi pa kachitsulo ka mamilimita atatu. Mupeza ma ohm pakati pa 0.8 ndi 0.9, ndipo batire likutulutsa ma amp asanu. Ikani makoyilo awiri otere moyandikana, mwatsegula mapaipi awiri, ma ohm atsika ndi theka, ma amp afika khumi. Wina wofuna mtambo waukulu akatsika mpaka 0.15, batire likufinyidwa ma amp 28.

Batire lililonse lili ndi malire ake. A 18650 opangidwira ntchito yolemetsa amapirira pakati pa ma amp 15 ndi 30 mosalekeza. Vuto la kuno n'lakuti 18650 amapezeka paliponse, m'matochi otchaja, m'timafani, m'mabatire a laputopu akale amene anyamata amaswa n'kugulitsa limodzilimodzi. Kukula n'kofanana, koma a m'laputopu anapangidwa kuti azitulutsa magetsi pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Kuwafinya ma amp 25 kuli ngati kusenzetsa kabaza katundu wa lole. Palinso mabatire okutidwanso pulasitiki yatsopano n'kulembedwa manambala abodza. Batire la lithium ngati limeneli likapyola malire limatentha, limatulutsa mpweya woyaka, ndipo likakhala m'chubu chachitsulo chotsekeka limaphulika. Ku America munthu wina anafa motero ku Florida mu 2018, wina ku Texas mu 2019.

Zipangizo zili pawiri. China chilibe kakompyuta, ndi chubu, batani ndi batire basi, ndipo chimapereka chilichonse chimene koyilo yapempha, ngakhale waya atagunda chivundikiro. Chinacho chili ndi kakompyuta kamene kamawerenga ma ohm, kamakana kuyaka pakakhala cholakwika, ndipo mwini amasankha yekha ma watt, ndiye kuti mphamvu yotenthetsera koyilo. Koma nachonso sichipulumutsa batire lofooka. Ma watt 60 pa batire limodzi lotsala pang'ono kutha amafuna ma amp pafupifupi 20. Odziwa amayeza koyilo iliyonse pa mita asanaiyatse, amataya batire limene pulasitiki yake yang'ambika, ndipo saliika m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo.

Nanga kukomako kumachokera kuti?

Funso limeneli ndi limene linamukhazika bambo uja pabenchi. Fungo lili m'madzi, waya salipanga. Ntchito ya koyilo ndi kusandutsa madzi okwanira kukhala nthunzi pa kutentha koyenera, mofanana paliponse. Wokazinga khofi amazidziwa izi: nyemba n'zomwezo, koma moto wochepa umasiya khofi wosamveka, wochuluka umasiya makala.

Choyamba ndi kukula kwa malo amene waya akukhudza madzi. Apa ndi pamene panabadwira koyilo yotchedwa Clapton: waya wowonda kwambiri wokulungidwa mothinana pa waya wonenepa, ngati nsambo yaikulu ya gitala. Dzinalo analitenga kwa Eric Clapton, katswiri wa gitala wa ku England. Timipata ta pakati pa zokulungazo timasunga madzi, choncho wayayo amadziyamwira yekha pang'ono. Kuchokera pamenepo anthu anapanga mitundu yambiri, ya mawaya awiri onenepa m'kati, yoluka, yophwatalala, ndiponso kansalu kachitsulo konga sefa kotchedwa mesh. Ena amaikulunga ndi dirilo n'kumajambula zithunzi ngati zokongoletsera.

Koma chitsulo chikachuluka chimachedwa kutentha ndipo chimachedwa kuzizira, monga mphika waukulu wa pamaliro. Chimafuna ma watt ambiri, chimamwa madzi ambiri, chimatopetsa batire. Ine ndimaona kuti mbali ina ya kutchuka kwa makoyilo okongolawa ndi ya maso osati ya lilime, ndipo pakati pa ogwiritsa ntchito eni ake mkanganowu sunathe. Alipo akale amene anabwerera ku waya wamba wozungulira.

Chachiwiri ndi mpweya. Koyilo iyenera kuyang'anizana ndi kabowo kolowera mpweya kuti mpweyawo uiombe n'kunyamula nthunzi. Bowo likakula, mtambo umakula koma fungo limasungunuka, ngati tiyi wothira madzi ambiri. Likachepa, fungo limalimba koma nthunzi imatentha. Kukweza kapena kutsitsa koyilo ndi milimita imodzi yokha kumasintha kakomedwe, ndipo nthawi zambiri kumasintha kuposa kugula waya wodula.

Chachitatu ndi thonje, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Kale ankagwiritsa ntchito ulusi wa silica, lero ndi thonje losathira mankhwala oyeretsera, lotchuka ndi la ku Japan. Liyenera kudutsa m'koyilo mogwira pang'ono. Likathina, madzi sayenda. Likakhwefuka, madzi amasefukira n'kumathethekera m'kamwa. Thonje la ku Karonga kapena ku Chikwawa longothyola m'munda lili ndi mafuta ake achibadwa komanso mankhwala opopera mbozi, ndiye kukhala dziko lolima thonje sikuthandiza pamenepa.

Madzi enieniwo ali ndi zinthu ziwiri zikuluzikulu. Propylene glycol, kapena PG, ndi wopyapyala, amanyamula fungo bwino ndipo amakanda pakhosi. Glycerine wa ku zomera, VG, ndi wokhuthala ngati uchi, wotsekemera pang'ono, ndipo ndiye amapanga mtambo. Botolo lolembedwa 70/30 ndi la VG wambiri. Kuzizira kwa Mzuzu kumalowererapo apa. M'mawa wa Juni kapena Julaye, nkhungu ili tolo ku Katoto, VG amalimba ngati mafuta ophikira ogona panja, ndipo thonje limene linkayamwa bwino mu Okutobala limalephera. Mwini amaimba mlandu waya pomwe vuto ndi nyengo.

Kapangidwe kake n'kachidule. Amakulunga waya pa kachitsulo, amamanga miyendo yake pa timizati, amadula zotsalira, amayeza ma ohm. Kenako amayatsa pang'onopang'ono thonje asanaike, kuti aone ngati kufiira kukuyambira pakati kupita kumbali. Pakaoneka kadontho kowala kuposa pena, amakanda ndi kopanira kadothi mpaka kufiira kufanane. Akatero amalowetsa thonje, kulinyowetsa, n'kudikira.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimagwetsa munthu pansi. Koyilo ya ma ohm ochepa imasandutsa madzi ambiri pa kukoka kumodzi, choncho oigwiritsa ntchito amasankha madzi a nikotini wochepa, mamiligalamu atatu kapena asanu n'limodzi pa mililita. Madzi a timavape ting'onoting'ono amafika 20, malire a ku European Union, ndipo ena 50. Kudontheza amenewo pa koyilo yaikulu kumabweretsa chizungulire, nseru, thukuta ndi kugunda kwa mtima. Nikotini ndi chikonga chomwe chija cha mu kaliwo wa agogo, ndipo chibaba chake n'chimodzimodzi.

Pamene chingwe chapserera

Tabwerera ku koloboyi. Madzi akachepa pathonje waya akadali wotentha, kutentha kumakwera mwadzidzidzi, thonje limawauka, ndipo munthu amakoka chinthu chowawa ngati nsanza yopsa. Si kukoma kokha kumene kwaonongeka. PG ndi VG akatenthedwa mopyola amaphwanyika n'kutulutsa formaldehyde, acetaldehyde ndi acrolein, mankhwala oononga mapapo, ndipo formaldehyde ali pa mndandanda wa zoyambitsa khansa.

Mu 2015 ofufuza a ku Portland State University analemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti anapeza formaldehyde wambiri atakweza chipangizo kufika ma volt asanu. Ofufuza ena anatsutsa, amati makina okokera salawa, pomwe munthu sangapirire kukoka kopserera kotero kawiri. Mbali zonse zimagwirizana pa chinthu chimodzi: kutentha kukakwera ndi madzi akachepa, mankhwala oipawo amachuluka.

Waya nayenso amadyeka. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anayeza zipangizo za anthu 56 ogwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo mu nthunzi anapezamo chromium, nickel, manganese ndi mtovu. Madzi a m'botolo anali ndi zitsulo zochepa kuposa amene anakhudzana ndi koyilo.

Nkhani ina imasokonezedwa ndi iyi. Mu 2019 ku America kunabuka matenda a mapapo otchedwa EVALI, ndipo pofika Febuluwale 2020 bungwe la boma loona za matenda la CDC linawerenga odwala 2,807 ndi omwalira 68. Choyambitsa chachikulu chinali vitamin E acetate, mafuta amene ogulitsa mozemba ankasakaniza m'madzi a chamba. Sanali makoyilo, koma phunziro lake likumukhudza aliyense wokhala ndi RDA yotseguka imene imalandira chilichonse: mafuta, kaya ophikira, onunkhiritsa kapena odzola, salowa m'mapapo mwamtendere.

Zimene sizinagamulidwe

Mayiko sakugwirizana. Mu 2015 nthambi ya boma ya zaumoyo ku England, Public Health England, inalengeza kuti vape ndi yocheperako kuopsa ndi magawo 95 pa 100 poyerekeza ndi ndudu, nambala imene ena amaitsutsa mpaka lero chifukwa cha mmene inapezekera. Ofufuza a Cochrane, gulu lounika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2022 anapeza umboni wamphamvu woti vape ya nikotini imathandiza anthu kusiya ndudu kuposa zigamba ndi chingamu cha nikotini. Bungwe la WHO likuyang'ana kwina: ana amene sanasutepo akukopeka ndi fungo la zipatso, ndipo mu Disembala 2023 linanena kuti mayiko 34 analetsa kugulitsa. India inaletsa mu 2019. Britain, imene imalimbikitsa osuta kusinthira ku vape, inaletsa mtundu wotaya kuyambira pa 1 Juni 2025.

Malawi ali pamphambano yakeyake. Fodya ndiye amabweretsa ndalama zakunja zambiri, ndipo nyengo ya malonda ikafika malole ochokera ku Rumphi ndi ku Mzimba amandandalika kumsika wa okushoni wa ku Mzuzu. Nikotini wa m'timabotolo tambiri amachotsedwa m'tsamba la fodya. Mu 2023 dziko lino linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta, la FCTC. Kodi vape ikafala padziko lonse, mlimi wa burley wa ku Bolero apeza msika watsopano wa nikotini, kapena ataya wakale wa ndudu?

Mafunso ena ali pa waya weniweniyo. Kufiiritsa koyilo yopanda thonje kumachotsa malo otentha mopyola, koma ofufuza ena amati kumafooketsa chitsulo n'kuwonjezera tizidutswa tolowa m'mapapo. Choipa pang'ono n'chiti? Kafukufuku wambiri amayeza zipangizo za kufakitale, zofanana chimodzi ndi chinzake. Kodi zotsatira zake zikunena chiyani za koyilo yopindidwa pabenchi, imene palibe ina yofanana nayo? Zonunkhiritsa zambiri zinavomerezedwa kuti n'zodya, nanga kuzikoka zotentha kwa zaka 30, pomwe chipangizocho changotha zaka zoposa 20 pang'ono chiyambireni?

Ndipo kwathu kuno, timabotolo ndi mabatire olowa m'zikwama kudzera ku Songwe kapena ku Mwanza ayenera kuyezedwa ndi ndani, a Malawi Bureau of Standards kapena oyang'anira mankhwala? Malamulo akamalembedwa, kodi bambo wa zaka 40 wothawa ndudu amene akudzipindira waya adzaikidwa m'gulu limodzi ndi mwana wa fomu 2 wogula ya fungo la mango pageti la sukulu?